Kodi munthu angalire chifukwa cha cholengedwa cha kudziko lina?

Mchemwali wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, wanditumizira imelo. Akuti akamaonera filimu ya moyo weniweni, monga ya mayi wamasiye amene alamu ake akumulanda nyumba, misozi imangotsika yokha. Koma ana ake akaika ya zombo za m'mlengalenga kapena ya zinjoka zolavula moto, mtima wake suthunthumira n'komwe. Akufunsa ngati pali chimene chikumuphonya.

Achemwali, za mayi wamasiyeyo mumalowamo osaodira chifukwa pakhomopo mukupadziwa. Munaonapo maliro pamene achibale maso ali pa kabati ndi firiji, thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba. Komatu kuyandikira kumeneku kuli ndi msampha wake. Ine ndikaona wosewera akutsika kombi pa Mbare Musika nsapato zili phuliphuli, zopanda fumbi, nkhaniyo imandithera pomwepo. Bodza la pafupi limagwidwa msanga.

Nanga nkhani zosatheka ndi zachilendo kwa ife? Agogo akati "Padangotero," tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo kalulu ankalankhula, fisi ankapita kukafunsira mbeta. Palibe mwana ankatsutsa. Tinkamva chisoni ndi wopusitsidwayo chifukwa njala yake ndi manyazi ake tinkazidziwa. Ndi chimodzimodzi pabwalo la Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure: chilombo chikatuluka, akuluakulu amaona khalidwe la munthu amene chikumudzudzula.

Ine chinanditembenuza ndi chitupa cha bambo anga. Iwo anachoka ku Dedza kubwera ku Salisbury (Harare wa lero) nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, monga anachitira anthu ambiri a ku Nyasaland odzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Chitupa chawo chinkawatchula kuti alien. Mawu omwewo ndi amene Angerezi amaitanira zolengedwa za kumaiko a m'nyenyezi. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife obadwira konkuno tili pamphanda, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 anadzatsegulanso khomo. Ndiye mukandionetsa cholengedwa chimene chakhala pakati pa anthu zaka zambiri, chikulankhula chinenero chawo, koma akuchilozabe chala, ine sindiona mutu wake waukuluwo. Ndimamva mawu aja oti mabwidi amene tinkatukwanidwa nawo kusukulu.

Sindikuti mafilimu onse otere ndi abwino, ayi. Ambiri ndi phokoso ndi kuphulika kokhakokha, mulibe munthu m'kati. Amenewo asiyeni. Koma ana akadzaikanso ina, khalani pansi mufunse kuti amene ali pamavutoyo akuopa kutaya chiyani.

Bambo sankamva bwino Chingerezi cha m'mafilimu. Tsiku lina madzulo ku Highfield anakhala nafe chete mpaka kumapeto, akuonera kacholengedwa kosochera kakuyang'ana kumwamba. Atadzuka anangoti, "Kameneka kakufuna kwawo," n'kutuluka panja.