Kodi nyimbo zathu za m'tchalitchi zapita kuti?

Mayi wina wa ku Chawama ku Lusaka, membala wa Chigwirizano, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti: "Kutchalitchi kwathu achinyamata angoimba za Chingerezi za magulu akunja. Ife akuluakulu timangoimirira, milomo ili tseke. Kodi magulu amenewa ndi ati, ndipo nyimbo zathu zafa?"

Zikomo amayi. Magulu amene ana anu akutsatira ndi owerengeka. Pali Hillsong ya ku Sydney, Bethel Music ya ku Redding ku California, Elevation Worship ya ku Charlotte, ndi Maverick City Music yomwe inayamba ku Atlanta mu 2018. Atatu oyambawo anabadwira m'mipingo ikuluikulu yokhala ndi ndalama, situdiyo ndi anthu olembedwa ntchito yopeka nyimbo basi. Nyimbo ikatuluka Lachisanu, pofika Loweruka mnyamata wa kiyibodi ku Matero waimva kale pa YouTube, waiphunzira, mawa lake ili m'tchalitchi. Hillsong inagwedezeka pamene woyambitsa wake Brian Houston anatula pansi udindo mu 2022, komabe nyimbo zake sizinachoke pakamwa pa anthu.

Musaganize kuti zonse zimachokera kwa azungu. Way Maker, imene ana anu amaikonda ija, anaipeka ndi Sinach wa ku Nigeria mu 2015, a ku America anachita kubwereka. Joyous Celebration ya ku South Africa nayo yaphunzitsa makwaya athu ambiri kavalidwe ndi kaimidwe pa siteji.

Kuti zathu zafa, ayi, pamenepo ndikukana. Kwerani minibasi pa City Market m'mawa mumve zimene dalaivala watsegula. Mudzamva Ephraim, Kings Malembe Malembe, Chileshe Bwalya kapena Esther Chungu. Pompi, ndi chimbale chake Mizu cha 2012, anaonetsa kuti mnyamata wa m'tauni angathe kutamanda Mulungu m'Chinyanja cha mumsewu popanda manyazi, ndipo iye ndi Mag44 akupitirizabe. Amene tili ndi abale ku Chipata ndi ku Mchinji timadziwanso Ethel Kamwendo Banda, Ndirande Anglican Voices ndi malemu Grace Chinga amene anatisiya mu 2016. Dziko lino la Zambia linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu December 1991, ndipo Radio Christian Voice yakhala ikuulutsa kuyambira 1994. Omvera sanasowepo.

Chimene chimandiwawa ine n'china, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chomwe chakulembetsani kalatayi. Nyimbo zambiri zatsopano, za Chingerezi ngakhalenso za Chibemba ndi Chinyanja, zimapekedwa kuti munthu mmodzi wa mawu okoma aimbe, ena tizimvera. Nyimbo imene inatilera ife inali ya wotsogolera ndi ovomera. Mmodzi aponya, mpingo wonse uwakha. Gogo wosadziwa kuwerenga anali ndi gawo lake, mwana wa Sande sukulu analinso ndi lake.

Ndinaziona ndi maso mu 2024, chaka cha chilala pamene madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba. Tili pakati pa chitamando, magetsi anangoti thii. Kiyibodi zii, masipika zii, mawu a nyimbo oonetsedwa pakhoma anazimiririka. Atsikana asanu kutsogolo anatsala atagwira maikolofoni osalankhula, akuyang'anana. Kenaka kumbuyo mayi wina wovala duku loyera anayambitsa kolasi yakale, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Asanamalize mzere woyamba, azibambo anali atalowa kale ndi besi, wina akugogoda benchi ndi buku la nyimbo. Mnyamata wa kiyibodi uja anaika foni m'thumba nayamba kuvomera. Mawu onse ankawadziwa! Sindinaimbepo ndi mtima wonse chotero kwa zaka zambiri, ndipo misozi inatuluka.

Choncho ana aja musawaone ngati adani. Amaimba zimene apeza, ndipo za pa intaneti zimabwera zokonzeka, mawu ndi makodi omwe. Makolasi anu ali m'mutu mwanu mokha. Palinso nkhani ya ndalama. Woimba wa kuno amalipira situdiyo yekha, nyimbo yake imafalikira ulere pa WhatsApp ndi pa mafulashi, ndipo akaitanidwa ku msonkhano wa usiku wonse nthawi zambiri amangopatsidwa ya basi ndi "Mulungu akudalitseni". Munthu wotero adzapeka nyimbo yoti imveke pa wailesi kuti aitanidwe ku ukwati, osati yoti mpingo uvomere.

Pempho langa ndi ili, amayi. Pitani kwa abusa mupemphe kuti Loweruka limodzi pamwezi a Chigwirizano azikhala nawo pa pulakatisi ya achinyamata. Tengani buku la Nyimbo za Mulungu ndi makolasi atatu amene amayi anu anakuphunzitsani. Mnyamata wa kiyibodi awajambule pa foni, awapezere makodi. Nanunso muwalole akuphunzitseni imodzi ya Chingerezi, akumasulireni mawu ake mzere ndi mzere. Mukayesa mundilembere, ndikufuna kudzakhala nawo Loweruka limenelo.