Mavwende pa makande: yambani ndi kukweza malo

Bambo ena a ku Luchenza atilembera pa imelo kuti ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, dothi lake ndi makande, ndipo mavwende awo chaka chatha anafota asanayange n'komwe. Akufunsa kuti malowo awakonze bwanji.

Bambo, mdani woyamba ndi madzi odikha. Vwende limafuna dothi lotayirira, lamchenga pang'ono, ndipo mizu yake ikakhala m'matope imawola. Pa makande musadzale pansi. Gaulani mozama masentimita 30, muphwanye zibuma, kenako muunde mizere yokwera masentimita 20 mpaka 30. Mizereyo italikirane mamita 2, mapando pamzere atalikirane mita imodzi. Ambiri amapanikiza poumira malo, koma zikathithikana mpweya suyenda, masamba amagwidwa nkhungu, zipatso zimachepa.

Phando lililonse likhale masentimita 45 m'lifupi, 30 kuya. Thiranimo mafosholo awiri a manyowa owolerana bwino, musakanize ndi dothi lapamwamba, musiye sabata ziwiri musanadzale. Ndowe zaziwisi kapena zitosi zongochoka m'khola zimawotcha mizu. Dothi la Thyolo ndi Mulanje nthawi zambiri limakhala ndi asidi wochuluka chifukwa cha mvula yambiri. Tiyi amakondwa nalo, vwende ayi, chifukwa limafuna pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya 6 mpaka 6.8. Phulusa lodzaza manja awiri paphando limathandiza kuchepetsa asidiyo komanso limawonjezera chakudya cha mbewu chotchedwa potaziyamu, koma ngati alangizi ayeza n'kupeza asidi wambiri, thirani laimu mwezi umodzi musanadzale.

Chinanso, pomwe panafota mavwende paja musabwererepo. Matenda ofotetsa a fusarium amakhala m'dothi zaka zambiri. Sankhani pomwe panali chimanga, osati maungu kapena nkhaka.

Nyengo nayonso musaiphonye. Mu June ndi July kumazizira, kukabwera chiperoni mbewu imamera movutikira. Dzalani mu August, kuti mtundu ngati Sugar Baby, womwe umacha pa masiku pafupifupi 80, muthyole mvula isanakhazikike mu November. Ikani njere zitatu paphando, kuya masentimita 2 kapena 3, zikamera mupatulire n'kusiya imodzi yamphamvu. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, ndipo muziuvundukula kuona ngati mwalowa chiswe. Pothirira, madzi apite m'mbali mwa phando, osati pamasamba.