Mawu oti conductor pa waya wa sola: gulani wa kopa weniweni

Achimwene, mwafunsa tanthauzo la mawu oti conductor amene mwawaona pa mpukutu wa waya, komanso kuti poika sola kwa amayi ku Linthipe mutenge uti, wolembedwa copper conductor kapena wotchipa uja wolembedwa CCA.

Conductor ndi chinthu chilichonse chimene magetsi amayenda mosavuta m'kati mwake. Pa waya, ndi chitsulo cha m'katicho. Pulasitiki wokutira kunjayo ndi insulator, ntchito yake ndi kutchinga magetsi kuti asatuluke n'kukugwirani. Matabwa ouma, labala ndi galasi zili m'gulu lotchingali. Thupi la munthu ayi, limadutsitsa magetsi, makamaka likanyowa.

Zitsulo sizidutsitsa magetsi mofanana. Patsogolo pali siliva, kopa akutsatira pafupi kwambiri, kenako golide, ndiye aluminiyamu, amene amadutsitsa pafupifupi 61 peresenti ya zomwe kopa wonenepa chimodzimodzi angadutsitse. Wina anena kuti nanga bwanji mawaya a ESCOM a m'mapolo ndi a aluminiyamu? Ndi chifukwa choti ndi wopepuka komanso wotsika mtengo, ndiye amangomunenepetsa, ndipo ali pamtetete pomwe mphepo imamuziziritsa. Waya wanu adzakhala kudenga, pafupi ndi mitengo ya denga.

CCA ndi aluminiyamu amene angomukutira kopa wopyapyala kunja kuti aoneke wofiira. Ine sindingamuike m'nyumba mwa mayi anga, ndipo chifukwa chachikulu ndi solayo. Batire lanu ndi la 12V. Chinthu chodya mawati 60, monga TV yaing'ono ndi mababu angapo, chimakoka ma amp 5 (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) pa 12V, pomwe pa magetsi a ESCOM a 230V sichifika ndi theka la amp. Ma amp akachuluka pa waya wosadutsitsa bwino, mphamvu ina imathera m'njira ngati kutentha. Mudzaona mababu akuwala mofooka, TV ikuzima yokha batire lili lodzaza, inu n'kumanyoza batire pomwe wolakwa ndi waya.

Vuto lina ndi polumikizira. Aluminiyamu amathyoka msanga mukamupinda kawirikawiri, amakhwepa pansi pa sikuluwu, ndipo akakumana ndi kopa pamalo a chinyezi amadyeka. Nkhungu ya kuno ku Dedza mu June ndi July mukuidziwa. Polumikizira pokhwepa ndi pamene pamatentha, ndipo moto wambiri wa magetsi umayambira pamenepo.

Musakhulupirire zolembedwa pa pepala zokha. Pemphani wogulitsa akudulireni kachidutswa, musende pulasitiki, mupale chitsulocho ndi mpeni. Kopa weniweni ndi wofiira mpaka m'kati. Mukaona zoyera pansi pake, ameneyo ndi aluminiyamu. Tengani ndi maginito m'thumba: kopa sagwidwa ndi maginito, ndiye waya akamamatira dziwani kuti m'kati muli chitsulo wamba, chomwe n'choipa kuposa aluminiyamuyo. Mpukutu wa kopa umalemeranso m'manja. Wogulitsa akakana kudula kachidutswa, lowani shopu ina.

Kunenepa kwa waya nako n'kofunika. M'nyumba za magetsi a ESCOM amisiri amaika wa 1.5 mm² (muyeso wa kunenepa kwa chitsulo cha m'kati) ku mababu ndi wa 2.5 ku masoketi, koma miyeso imeneyi musaikopere pa 12V. Kuchoka pa panelo kufika pa controller (kabokosi kolamulira magetsi olowa mu batire) ndi batire, tengani wa 4 kapena 6, ndipo mtunda ukhale waufupi momwe mungathere. Pa waya wochoka ku batire muike fyuzi pafupi ndi batirelo.

Mukadzawonjezera inverter, makina osandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, samalani. Mbali yotulukira imakhala 230V, yomwe imapha munthu, sola kapena ESCOM chimodzimodzi. Pamenepo itanani mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo waya mukagule naye limodzi.