Mabuku a zakudya: yankho kwa mayi wophika makeke ku Dedza

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Amaphika makeke ndi masikono ogulitsa, ndipo akufunsa komwe angapeze mabuku ndi zowerenga za pa intaneti zodalirika pa nkhani ya zakudya. Akuti akatsatira zomwe wapeza, keke imatitimira pakati, ndipo akafuna za ndiwo zathu, palibe chimapezeka. Funsoli landifika pamtima, mayi, chifukwa anthu ambiri keke ikatitimira amadziimba okha mlandu, pomwe vuto lili m'bukumo.

Tiyambe ndi kekeyo, pakuti ndiyo ikuphunzitseni kusankha buku. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pamwamba chotero mpweya ndi wopepuka. Timathovu tomwe baking powder amapanga m'chosakaniza timafufuma msanga komanso mopitirira muyeso, keke imakwera isanalimbe, kenako n'kugwa pakati ngati denga lowola mitengo. Amene analemba kaphikidweko ali ku London kapena ku Cape Town, m'mbali mwa nyanja, sanakunamizeni: kwawoko zimatheka. Kwanuko pa sipuni ya tiyi iliyonse ya baking powder chotsani pafupifupi kota, pa kapu iliyonse ya shuga chotsani sipuni yaikulu imodzi kapena ziwiri, ndipo pa kapu iliyonse ya mkaka onjezerani masipuni aakulu awiri kapena atatu, uvuni itenthe moposerako pang'ono. Madzinso kwanuko amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuposa momwe buku lanenera. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita chikwi ndi pang'ono, vutoli lilipo koma lochepa. Ku Nsanje kulibe. Ndiye polemba pa Google, lembani mawu oti high altitude baking. Mupeza zolemba za alangizi a ku Colorado State University, m'chigawo cha Colorado ku America, komwe mzinda waukulu wa Denver uli pamtunda wofanana ndi Dedza. Ophika a ku Johannesburg ndi a ku Nairobi nawonso amaphikira pamwamba ngati inu.

Chachiwiri ndi kapu. Mawu oti kapu m'buku satanthauza kapu yanu yomwera tiyi. Ya ku America ndi mamililita pafupifupi 240, ya ku South Africa ndi ku Australia ndi 250. Sipuni ya tiyi ndi mamililita 5, yaikulu ndi 15, koma ku Australia yaikulu ndi 20. Painti ya ku Britain ndi 568, ya ku America 473. Bukulo likati stick imodzi ya batala, likunena magalamu 113. Ndipo fulawa ndiye amapusitsa kwambiri: kapu imodzi yothira mopepuka ndi sipuni n'kusalaza ndi mpeni imalemera magalamu 120 kapena 125, koma mukaimiza m'thumba n'kutsendereza ikhoza kufika 150. Makapu atatu otere, mwawonjezera fulawa wochuluka osadziwa, keke n'kutuluka yolimba ngati chigumu chogonera. Ine ndimati buku la makeke lomwe silitchula magalamu ndi lachiwiri basi, kaya chikuto chake n'chokongola bwanji. Kasikelo ka m'khitchini kamabweza ndalama yake msanga kuposa buku lililonse.

Palinso mawu onyenga. Cornflour wa m'buku la ku Britain ndi sitachi woyera uja wokhuthalitsira msuzi, si ufa wa nsima. Cornmeal wa ku America ndi wokhakhala, amayandikira mgaiwa kapena gramilu, osati ufa woyera. Soda ndi baking powder si chinthu chimodzi: soda amafuna chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu, kuti agwire ntchito, ndipo mukamuika yekha keke imamveka sopo. Buku likafuna fulawa wa self-raising inu mulibe, sefani masipuni a tiyi awiri a baking powder pa magalamu 150 alionse a fulawa wamba. Likati madigiri 350, ndi a Fahrenheit amenewo, pa uvuni zathu ndi 180. Ngati mumaphikira pa mbaula, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, wazani fulawa pang'ono m'thireyi: akasanduka wofiirira ngati chikopa cha buledi pa mphindi zisanu, kutentha kwafika pa keke; akada bii, phulani makala ena.

Mwaona tsono kuti buku labwino limadziwika musanaphike n'komwe. Tsegulani tsamba la kuseri kwa mutu muone dziko ndi chaka chomwe linasindikizidwa. Kenako tsegulani kaphikidwe kamodzi ka chinthu chomwe mumachidziwa kale bwino. Kodi latchula kukula kwa chitini? Chitini chozungulira cha masentimita 23 chimalowa zochuluka ndi gawo limodzi mwa atatu kuposa cha 20, ndiye nthawi yophika singafanane. Kodi likungoti mphindi 40, kapena likunenanso chizindikiro, kuti kamtengo kobaya pakati katuluke kouma? Kodi likunena chomwe chimalakwika? Wolemba amene anaphikadi chinthucho kangapo sangalephere kuchenjeza, chifukwa chinamukanikapo. Amene sanachenjeze paliponse m'buku lonse, anangokopera. N'chifukwa chake mabuku a Home Economics a ku sekondale, osaoneka bwino aja, ndimawaika patsogolo pa mabuku a zithunzi zonyezimira: amafotokoza chifukwa chake fulawa amasefedwa, chifukwa chake uvuni satsegula keke ikadali kukwera.

Tsono za ndiwo zathu. Apa ndiye pali chinsinsi chomwe sachiphunzitsa kusukulu. Mukalemba "luni" pa Google simupeza chanzeru, koma mukalemba dzina lake la sayansi, Cleome gynandra, zolemba zimachita kusefukira, za ku Kenya, Zimbabwe, Zambia, pakuti ndiwo imeneyi amadya anthu ambiri, maina okha ndiwo osiyana. Chisoso ndi Bidens pilosa. Bonongwe ndi Amaranthus. Denje ndi Corchorus. Chidede ndi Hibiscus sabdariffa, nzama ndi Vigna subterranea, nandolo ndi Cajanus cajan, mawere ndi Eleusine coracana, masuku ndi Uapaca kirkiana, masau ndi Ziziphus mauritiana, bwemba ndi Tamarindus indica, malambe ndi Adansonia digitata. Lembani maina amenewa kuseri kwa kope lanu. Mlatho wopitira ku maina otere ndi buku la Jessie Williamson, lomwe linatuluka mu 1955 ndi mutu woti Useful Plants of Nyasaland, n'kudzatulukanso lokonzedwa mu 1975 ngati Useful Plants of Malawi. Lili ndi maina a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zilankhulo zina pambali pa a sayansi, ndipo limanena momwe anthu amakonzera chomera chilichonse.

Ndipo pamenepa ndinene zomwe zimandiwawa. Buku la Williamson lija, lomwe linasonkhanitsa bwino ndiwo zathu, ndi la kalekale mu 1955. The Malawi Cookbook, lomwe analemba Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, lili ndi kakonzedwe ka inswa, dzombe ndi bwanoni, koma nalonso ndi lakale, komanso ndi la m'Chingerezi. Ife eni ake futali, thobwa ndi mkhwani wotendera tinangoti izi aliyense amadziwa. Sikuti aliyense amadziwa ayi. Funsani mtsikana wokulira ku Area 25 momwe amachezera chidulo, kapena masiku angati chimera chimafunika chisanayanikidwe, muone. Choncho malo opanda kanthuwo alowamo ena. Pali masamba a pa intaneti olembedwa ndi makina, omwe amakuuzani kuti nsima muthire batala ndi mchere, pamwamba n'kuikapo chithunzi cha chinthu chosalala ngati ayisikilimu. Mungawazindikire motere: palibe dzina la wolemba, mawu akungozungulira ndime zisanu asanafike pa mphika, zotsatsa malonda zili mbwee, ndipo tsamba lomwelo lili ndi zakudya za mayiko makumi asanu zolembedwa mofanana ndendende. Munthu mmodzi sangadziwe kondowole, sushi ndi injera mofanana. Tsekani, musamalize bandulo.

Oipitsitsa ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook oti chakudya chakuti chimachiza shuga, khansa ndi BP nthawi imodzi. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, adyo ndi wabwino, mandimu ndi abwino, koma uthenga wouza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala ndi wakupha. Chizindikiro chake n'chimodzi: umayamba ndi "madokotala sakufuna mudziwe" ndipo umatha ndi "tumizirani anthu khumi". Zolemba zenizeni za kadyedwe n'zosasangalatsa kuwerenga, zimati chakudyachi chili ndi ayironi wochuluka mwakuti pa magalamu 100, basi.

Nkhani ya chinangwa isonyeze kuti kuwerenga zolembera dziko lina si masewera. Kaphikidwe kambiri ka pa intaneti kamati senda, wiritsa, idya, chifukwa kakunena chinangwa chozuna. Chowawa chija cha kunyanja chili ndi poizoni wa cyanide wambiri, n'chifukwa chake a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako kuchiyanika chiume gwa asanasinje. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu anafupikitsa kakonzedweka chifukwa cha njala, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi nthenda yotchedwa konzo. Chigwada nachonso amachisinja n'kuchiwiritsa nthawi yaitali pa chifukwa chomwecho. Kalongonda ndi chimodzimodzi, amafuna kuwiritsa maola ambiri uku mukutaya madzi. Pa zakudya zitatu izi, buku likasemphana ndi agogo, mverani agogo. Koma pa soda wa m'ndiwo, mverani buku: amafewetsa masamba msanga inde, koma amawononga vitamini C ndi B1. Pa mtedza wa chuku mverani bukunso, chifukwa poizoni wake wa aflatoxin satha ndi kukazinga.

Kopita ndi miyendo

National Library Service ili ndi likulu ku City Centre ku Lilongwe ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo. Pa mashelefu funani nambala 641, ndiyo ya zakudya ndi zophikaphika. 613 ndi ya za umoyo ndi kadyedwe, 635 ndi ya ulimi wa ndiwo zamasamba. Mabuku akale a za Malawi, monga a Williamson aja, kawafunseni ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ku National Archives ku Zomba, kapena ku Bunda, komwe LUANAR imaphunzitsa za kadyedwe. Musadumphe ofesi ya zaulimi ya EPA ya kwanu: alangizi amakhala ndi timabuku ta m'Chichewa ta magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi kasungidwe ka mfutso. Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu amakhala ndi mabuku a makeke a ku Britain ndi ku South Africa otchipa. Sanatheretu ntchito, keke ya mu 1980 ndi yomweyi, bola muone kuti masamba a pakati sanathothoke.

Pa foni, njira yosamwaza ndalama ndi kutsitsa PDF kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti. Lembani dzina la sayansi lija, kenako filetype:pdf, kapena site:fao.org kuti zibwere za bungwe la FAO zokha. Onani kukula kwa fayilo musanadine. Lost Crops of Africa ndi mabuku atatu, la mbewu za ufa la 1996, la ndiwo la 2006 ndi la zipatso la 2008, ndipo National Academies Press imawapereka ulere. Sustainable Nutrition Manual ya Stacia Nordin, yomwe inatuluka ndi WFP mu 2016, inalembedwa konkuno ndipo zakudya zake zili ndi maina athu. Malawian Food Composition Table ya 2019 ndiyo yoonerapo michere ya m'zakudya zathu mukafuna kutsutsa za pa WhatsApp. Tsamba la pa intaneti la PROTA lili ndi mbiri ya zomera za ku Africa chimodzichimodzi. Mabuku akale ambiri ali pa Internet Archive.

Za makeke anu, sankhani buku limodzi la magalamu, muphike keke imodzi yomweyo katatu, mukusintha chinthu chimodzi chokha ulendo uliwonse, ndipo muzilemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsambalo. Za thobwa ndi futali, tengani kope, sikelo ndi kapu imodzi yodziwika mukakhale pafupi ndi mayi wamkulu amene amazitha. Akatapa ufa ndi dzanja, atapire kaye m'mbale muyeze asanathire. Akati "mpaka zipse", afunseni kuti aonera chiyani, thovu, fungo kapena kulemera kwa mthiko, mulembe chimenecho pamodzi ndi mphindi zomwe zadutsa pa foni yanu.