Matchizulo oyamba kugula ndi ati?

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kugula bokosi lonse la matchizulo kapena ochepa chabe. Ine ndingati yambani ndi atatu: ya 6mm, ya 12mm ndi ya 25mm. Ya 12mm ndiyo simudzaitula pansi. Ya 25mm ndi yosalazira komanso yosemera malo a mahinjesi pa chitseko, pomwe ya 6mm imalowa m'timakona tothina.

Ngati mumapanga mipando ndi mabedi, onjezani tchizulo yobowolera mabowo olumikizira matabwa, ija yonenepa thupi. Pa mlombwa kapena mbawa, tchizulo yopyapyala mukaikhoma ndi kuitukula ngati mukuzula msomali, nsonga imabenthuka, nthawi zina imathyoka kumene. Muziikhoma ndi hamala yamtengo, yachitsulo imang'amba chigwiriro.

Zokhota zosemera maluwa ndi zazitali zosalazira zidikire kaye, pokhapokha kasitomala atafuna zokongoletsa.

Ndalama yotsalayo gulani mwala wabwino wonolera. Nolani pa madigiri 25 mpaka 30, kumbuyo kwake kukhale kosalala ndithu. Yesani pa mutu wa thabwa la paini: ikamadula bwino osaphwanya, yathwa.