Kodi angandisumire chifukwa cha batani logulira pa webusaiti yanga?

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa ku Chitakale, kuno ku Mulanje. Amagulitsa nanazi ndi uchi kwa makasitomala a ku Blantyre, ndipo mnzake wamukonzera kawebusaiti kokhala ndi dengu loikamo katundu komanso batani lolipirira pa Airtel Money kapena Mpamba. Wamva kuti ku America anthu amasumirana chifukwa cha mabatani otere, ndiye akufunsa ngati naye zingamugwere. Pomaliza walemba kuti ndisamuuze zopita kwa loya, chifukwa amenewo ndi akuba ovala mataye.

Achimwene, zomwe mwamvazo n'zoona. Mu 1999 Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, inapatsidwa patent, chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito luso lomwe wapeka kwa zaka 20 kuwerengera pomwe unachipempha, pa njira yogulira chinthu pongodina kamodzi. Chaka chomwecho inasumira sitolo ya mabuku ya Barnes & Noble, ndipo khoti linawaletsa kaye njirayo Khrisimasi ili pafupi, nthawi yomwe malonda amatentha. Anagwirizana mu 2002, patent ija n'kutha mu 2017.

Koma nkhani yomwe imandiwawa ine ndi ya dengu. Kampani ya Soverain inagula ma patent okhudza dengu la pa intaneti, n'kuyamba kusumira masitolo mmodzimmodzi. Amazon yomweyo inalipira madola 40 miliyoni mu 2005. Ambiri ankalipira osati poti ndi olakwa ayi. Ku America mlandu wa patent umatha kudya madola mamiliyoni, ndipo kawirikawiri ngakhale upambane, maloya ako umawalipira wekha. Ndiye munthu amaona kuti bola kupereka zomwe akufunazo akagone tulo. Zili ngati munthu wotchinga njira yopita kumsika wa Limbuli n'kumalipiritsa aliyense wosenza dengu. Sitolo ya Newegg inakana kulipira, inalimbana nawo mpaka mu 2013 khoti la apilo linagamula kuti m'dengumo munalibe luso lachilendo. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, khoti lalikulu la dzikolo linanena kuti kungoika ganizo wamba pa kompyuta sikokwanira kuti munthu akhale ndi patent.

Tsono inu mtima ukhale m'malo. Patent imagwira ntchito m'dziko lomwe inalembetsedwa basi. Ya ku America ilibe mphamvu pa nanazi wochoka ku Mulanje kupita ku Limbe. Kuti igwire kuno, mwiniwake ayenera kuilembetsa m'Malawi muno kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe dziko lathu ndi membala. Chomwe chingakupezetseni mavuto msanga n'china: lamulo lathu la Copyright la 2016 limateteza zithunzi ndi mapulogalamu a kompyuta. Mufunseni mnzanuyo komwe anatenga zomwe anamangira webusaitiyo, ndipo nanazi wanu mujambule nokha.

Za maloyazi, sindikutsutsani kotheratu. Munthu wa ku Thyolo kapena Mulanje amene waona nkhani za malo zikukokedwa zaka ndi zaka, tsiku la mlandu likungosunthidwa, ndalama ya thiransipoti ikutha, ali ndi chifukwa chokayikira. Maloya a Soverain nawo ankadyera pa mantha a anthu, ndipo zimenezo n'zonyansa. Komatu amene anagwetsa Soverain analinso maloya. Ngakhale azimayi 36 a m'minda ya tiyi kuno, omwe anadandaula za nkhanza kuntchito mpaka kampani ya Camellia inavomera kuwalipira mu 2021, nkhani yawo inafika ku London chifukwa panali maloya owayimira.

Mukadzalandira imelo yachingerezi yoopseza kuti mwaphwanya patent, musatumize ndalama, musayankhe mopupuluma, ndiponso musaifufute. Onani ngati yatchula nambala ya patent ndi dziko lomwe inalembetsedwa, kenako mukamuonetse loya. Musanakhale pansi mufunseni mtengo wake, mulemberane, ndipo chilichonse mwalipira mutenge lisiti. Akakuchitani zachinyengo, Malawi Law Society imalandira madandaulo okhudza maloya, ndipo ngati thumba silikulola, kafunseni ku Legal Aid Bureau ngati angakuthandizeni.