Shirataki kapena zukini m'malo mwa pasta

Achemwali, mwafunsa ngati alipo ma noodles opanda gluten (puloteni yopezeka mu tirigu) komanso a sitachi wochepa oti alowe m'malo mwa pasta. Alipo, koma muziwerenga bwino paketi. Ma noodles a mpunga alibe gluten, komabe sitachi wake sasiyana kwenikweni ndi wa pasta wa tirigu.

Amene alibe gluten komanso ali ndi sitachi wochepa ndi shirataki, ochokera ku Japan. Amawapanga kuchokera ku muzu wa chomera chotchedwa konjac. Pafupifupi 97 peresenti ndi madzi, kotsalako ndi faiba yotchedwa glucomannan. Mukatsegula paketi mumva kafungo ngati ka nsomba, koma musawataye, ndi madzi osungiramo aja. Atsukeni bwinobwino, awiritseni mphindi 2 kapena 3, kenako muwakazinge mu chiwaya chopanda mafuta mpaka madzi aphwe. Kukazingaku n'kumene ambiri amalumpha, n'kumadandaula kuti akutafuna mphira. Pawokha sakoma kanthu, amangotenga kukoma kwa msuzi. Ineyo ndimawakonda mu supu wa adyo ndi jinja. Ndi msuzi wa tomato mumadziwiratu kuti si pasta. Yambani ndi ochepa, faibayo imatupitsa mimba ngati simunazolowere.

Apo ayi, dulani zukini (mtundu wa maungu ooneka ngati nkhaka) kukhala tizingwe. Magalamu 100 a zukini ali ndi ma carbohydrate (monga sitachi ndi shuga) okwana magalamu pafupifupi 3, pomwe pasta wophika ali ndi pafupifupi 30. Kazingani mphindi imodzi yokha, mchere muthire pomaliza, kupanda kutero mbale idzadza madzi.